Belu la Amayi Ndinalizira ku Bradford

Tsiku limene ndinkanyamuka, amayi anga anandipempha chinthu chimodzi chokha. Sanati ndikawagulire malata, sanati ndidzabwere ndi mkazi. Tinali pa siteji, chikwama changa chili kale m'basi, iwo n'kundikoka malaya kumbuyo ngati mwana wothawa kusamba.

"Iwe, belu langa udzalize ndiwe."

"Belu lanji, amayi?"

"Usadzipusitse. La maliro anga. Anyamata atsalawa amamenya ngati akuitana anthu ku ganyu. Ine ndikufuna lako lija, loti munthu ali kudimba aike khasu pansi."

Ndinaseka. Ndinati mukufa liti inu, si dzulo lomweli mumathamangitsa mbuzi mpaka kuchigayo? Iwo sanaseke, ndipo malaya aja sanawasiye mpaka nditanena ndi pakamwa panga kuti ndidzaliza. Kondakitala anali atayamba kale kutukwana.

Ndikuuzeni, kwathu ku Ntcheu ine ndinali munthu pa nkhani ya belu. Belu lake silinali belu kwenikweni, inali limu ya lole yopachikidwa pa mtengo kunja kwa tchalitchi, yomenya ndi chitsulo. Koma musaiderere. Pali kamenyedwe ka Lamulungu, kofulumira, kodzutsa alesi. Ndiye pali ka maliro. Umamenya kamodzi, n'kudikira mawu aja apite, akagunde phiri, athe okha, kenako n'kumenyanso. Ambiri chimawakanika ndi kudikirako, dzanja limawayabwa. Ine ndinkadikira, ndipo ndinaliza limu imeneyo zaka khumi ndi ziwiri popanda wodandaula.

Ku Mangalande ndinalowa ndi pepala la sukulu, koma sukuluyo inkandiona kawiri pa sabata. Masiku ena onse ndinali m'nyumba yosamalira okalamba ku Bradford. Kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda. Ntchito imene kwathu ndikanawachitira amayi anga ndinkaichitira amayi a eni, ndipo ambiri mwa iwo m'mawa uliwonse ankandifunsa kuti ndine ndani. Ndinkagona m'kachipinda ka pamwamba penipeni pa nyumba zija zogundana, denga lake lopendekeka moti povala buluku ndinkachita kuwerama. Pansi panga pankakhala a Tembo, a ku Zambia, munthu wabwino, koma mashifiti athu ankaphonyana. Ndinkadziwa kuti a Tembo ali moyo chifukwa cha mbale zawo mu sinki.

Kusungulumwa kwa kumeneko sikuti anthu kulibe ayi. Anthu ndi mbwee, basi yodzaza, koma palibe akuona. Miyezi yoyamba ndinkapereka moni pa siteji, anthu n'kumasuntha pang'ono, ena kugwiritsa chikwama. Ndinasiya. Amalawi anzathu analipo, ankakumana Lamulungu masana kupemphera, koma nthawiyo kawirikawiri ndinali pa shifiti. Ndikapezekako, nkhani zawo zinali za madigiri ndi nyumba zogula, ine manja akununkha sopo wa kuntchito. Sanandinyoze, ndisawanamizire. Manyazi anali anga. Chimene ndinkadikira sabata yonse chinali khadi loimbira foni kumudzi, lija lokanda ndi ndalama yachitsulo, lomwe linkatha ukadali pakati pa moni.

Tsiku lina Lachiwiri, nyengo ija dzuwa limakana kulowa, ndinatsika basi ndisanafike chifukwa mutu unkandiwawa. Ndipamene ndinamva mabelu. Ndinaima chilili. Kwathu belu likalira pakati pa sabata ndiye kuti kwagwa zovuta, koma awa anali ambiri, akutsetsereka kuchoka ku laling'ono mpaka ku lalikulu, n'kumasinthana malo. Miyendo inangopita yokha. Ndinapeza tchalitchi chakale cha miyala yakuda, chokhala ndi nsanja yaitali, manda ali mbali zonse. Ena mwa mandawo anali ogonekedwa pansi ngati njira, anthu n'kumapondapo ndi nsapato, abale! Ine ndinalambalala, ndinadzera pa kapinga. M'munsi mwa nsanja munali kachitseko kotsegula, ndi masitepe amiyala ozungulira, odyeka pakati chifukwa cha mapazi a anthu amene anafa kalekale. Ndinakwera.

Pamwamba panali chipinda chokhala ndi zingwe zisanu ndi zitatu zotsika kudenga. Anthu anali asanu ndi mmodzi okha, onse imvi, ataima mozungulira, aliyense akukoka chingwe chake osayankhulana. Atamaliza, mayi wina wamfupi, wa mikono ngati ya munthu wosinja, anandiyang'ana. Amenewa anali a Doreen, mkulu wa oliza mabelu pa nsanjapo, amene kale ankayendetsa basi.

"Tikuthandize?" anatero.

Ndinakweza chifuwa. "Ine ndine woliza belu. Zaka khumi ndi ziwiri."

Mukanaona mmene nkhope zawo zinawalira! Oliza anali atawachepera, ena kumwalira, ena mawondo kukana masitepe. A Doreen anandifunsa mafunso angapo amene sindinamvepo kanthu, ine n'kumangogwedeza mutu. Atangocheuka kuti ayankhule ndi mnzawo, ndinati ndiwaonetse anthuwa kuti ku Ntcheu kulinso amuna. Ndinagwira chingwe chimene chinalibe munthu, n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti mabelu awo samapuma atayang'ana pansi. Amawaimika chagada, kukamwa kuli m'mwamba, atatsamira kathabwa kamodzi. Belu limodzi kulemera ngati ngolo yodzaza. Ukakoka, limagudubuzika lonse n'kupita nacho chingwe kudenga, ndipo ngati sunasiye umapita nawe. Ndinangoona mapazi anga achoka pansi. A Doreen akukuwa kuti siya, siya! Ndinasiya, ndinagwa chamatako, khuu! Pamwamba panamveka thabwa likuthyoka, chingwe chili pikupiku m'chipinda monse, nkhalamba zitakanirira ku khoma. A Doreen anachidumphira n'kuchigwira. Zikhatho zanga zonse zinali zitasupuka.

Akunditsuka manja, a Doreen anandifunsa mofatsa kuti belu la kwathulo ndi lotani. Ndinafotokoza za limu ya lole. Kenako mdala wina wamtali, a Harold, anaseka mpaka kutsokomola, mpaka anamukhazika pansi. Ine ndinkangofuna nthaka itseguke. A Doreen okha sanaseke.

"Ubwere Lachinayi, wekha," anatero. "Wandithyolera thabwa, ndiye ukhala pano mpaka uphunzire kusathyola lina."

Ndinabwera. Anakwera kumabelu n'kumanga chitsulo cholendewera m'kati mwa belu langa kuti chisamenye, poopa kusokosera anthu oyandikana ndi tchalitchi. Ndiye taganizani, ine woliza belu wa dera lonse, ndinatha miyezi ndikukoka belu lopanda mawu. Kukoka, kusiya, kugwira, kukoka, thukuta kamukamu, kunja osamveka kanthu. A Doreen ali pambali: "Usalimbane nalo. Ndi lolemera kuposa iwe, ndi lakale kuposa agogo ako. Limve kaye." Masiku ena ndinkatsika masitepe aja nditakwiya, ndikulumbira kuti sindidzabweranso kudzanyozedwa ndi chingwe. Lachinayi likafika, ndinali pa chitseko nthawi isanakwane, chifukwa kunalibe kwina kumene munthu ankandidikira.

Nditawauza amayi pa foni, anadabwa.

"Azunguwo akumanga belu pakamwa? Akuopa kuti linena chiyani?"

"Ndi maphunziro, amayi."

"Chabwino. Ukamaliza maphunziro akowo ubwere, miyendo yangayi yayamba kutupa. Sunaiwale eti?"

"Sindinaiwale."

Atalimasula belu lija n'kundiika pa mzere ndi anzanga, ndinamva kukoma kumene ndinali nditakuiwala. Pa mabelu, munthu mmodzi akajomba pamamveka mpata, tauni yonse imamva kuti wina palibe. M'dziko lonse lija, malo okhawo ndi amene kusowa kwanga kunkamveka. Ndinkasinthanitsa mashifiti, kugwira Loweruka lonse, kuti Lamulungu m'mawa ndikhale pa chingwe changa, chachisanu. Tikamaliza Lachiwiri tinkapita kumalo awo omwera, iwo mowa, ine zakumwa za malalanje. Koma musaganize kuti tinakhala pachibale. Anthu aja amakukonda kuchokera patali. Ndinaliza pambali pa a Harold zaka ziwiri osadziwa ngati ali ndi mkazi, ndipo palibe anaponda pakhomo pa mnzake. Tinkatsanzikana pa msewu, aliyense n'kukweza kolala ya jekete, ulendo kwawo.

Zimene ndinkapeza ndinkatumiza. Nyumba ya amayi inafoleredwa ndi malata, mankhwala ankagulidwa, ndipo achemwali anga, amene ankawasamalira amayiwo, ndinawatumizira foni kuti tisamavutitse aphunzitsi a pa sukulu pobwereka yawo. Kenako viza inatha, ndinatumiza pasipoti ku ofesi kuti andiwonjezere masiku. Inakhala kumeneko miyezi. Nthawi yomweyo ndi imene amayi anagona osadzukanso bwino.

"Achimwene, bwerani," achemwali anatero. "Akumakufunsani."

"Pasipoti ili ku ofesi."

"Kaitengeni, si yanu?"

Ndikanatha kuiitanitsa. Koma kuiitanitsa kunali kutseka chitseko cha dziko lija, ndipo mankhwala aja akanagula ndani? Ndinkadziuza choncho, ndipo theka lake linali loona. Theka linalo ndinali ndi mantha obwerera kumudzi chimanjamanja. Ndinati ndidikireko mwezi umodzi. Sindinamizira boma la eni, ndinasankha ndekha.

Foni inalira m'mawa wina wozizira, ndikumudyetsa phala mdala wina kuntchito. Ndinatuluka m'khonde. Achemwali anangoti, "Amayi atisiya." Kumbuyo kwawo ndinkamva kale azimayi akulira. Anati kuika ndi mawa, thu koloko masana. Bwana wanga anandipepesa, anandigwira paphewa kamodzi, nati ndipite ndikapume. Kupuma! Ndinakwera basi, anthu akuwerenga nyuzi zawo. Ndinafika m'kachipinda kaja n'kukhala pa bedi nditavala jekete. Kwathu, ola lisanathe, pakhomo pamakhala patadzaza, wina wabwera ndi nkhuni, wina wangobwera kudzakhala nawe chete. Ine ndinkamva madzi akuyenda m'mapaipi. A Tembo anakwera, anakhala pansi, tinalira limodzi, koma nthawi yawo ya ntchito inakwana. Amalawi awiri atatu anaimba foni kuti adzabwera Loweruka. Amayi akanakhala atagona kale m'manda masiku atatu.

Ndipamene mawu a amayi aja anandibwerera. Belu langa udzalize ndiwe. Ndinadzuka n'kuchita chinthu chimene kumeneko sachita: ndinapita kunyumba kwa a Doreen osayamba ndaimba foni. Anatsegula chitseko atavala masilipasi, nkhope ikufunsa kuti kwagwanji. Ndinafotokoza zonse ndili chiimire pakhomo, za pa siteji, za malaya, za pasipoti. Anandilowetsa, anandipatsa tiyi amene sindinamwe, n'kuimbira foni abusa a tchalitchicho, chifukwa belu silingangolira pakati pa sabata popanda chilolezo chawo. Abusa anavomera. Ndiye a Doreen anatenga kapepala ndi pensulo.

"Anali ndi zaka zingati?"

"Bwanji?"

"Kuno belu la maliro timaliza kamodzi pa chaka chilichonse chimene munthu anakhala ndi moyo. Ndi mmene timachitira kuyambira kale. Zingati?"

"Sindikudziwa."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Sudziwa zaka za mayi ako?"

Mtima unandinyamuka, ndinatsala pang'ono kutuluka. Ndinati amayi anga anabadwira m'nyumba ya udzu, panalibe munthu wa pensulo ngati inu. Iwo eni sankadziwa, ankangoti ndi aakulu kwa uje, aang'ono kwa uje. Ndinayankhula mokweza m'nyumba ya eni, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi. A Doreen anaika pensulo pansi. Kwa anthu aja chilichonse pa mabelu n'chowerenga, belu lopanda nambala ndi phokoso chabe. Ndinaona kuti zikuwavuta ndithu.

"Ndiye udziwa bwanji polekera?"

"Ndidzadziwa."

"Chabwino. Utenge lalikulu."

Lalikululo ndinali ndisanaloledwepo kuligwira ndekha.

Thu koloko ya kwathu inali thwelofu koloko kumeneko. Kunja kunkagwa kamvula kosakanikirana ndi madzi oundana. Ndinapeza a Doreen atalikonza kale belu, litaima chagada. Maganizo anga anali oti ndiimbe foni kumudzi kuti anthu a pa maliro alimve. Koma makoma a nsanja ndi ochindikala, foni sinkagwira m'kati, ndipo m'chipinda cha zingwe belu limamveka motsekeka. Panafunika munthu woima panja atanyamula foni. A Doreen anali ndi lamulo lawo loti pasapezeke woliza yekha m'chipindamo, koma tsiku limenelo anavala jekete n'kutsika.

Ndinakanda khadi tili pa kachitseko. Achemwali anayankha.

"Achemwali, musadule! Kwezani foni m'mwamba anthu amve, belu la amayi likuyamba."

"Achimwene, tadikirani kaye..."

"Khadi litha!"

Ndinawapatsira foni a Doreen n'kuthamanga masitepe.

Ndinagwira chingwe. Ndinakoka. Mawu ake anatsika m'makoma, anadzera m'mapazi, n'kudzandigwira m'mimba. Ndinaliimika n'kudikira mpaka atatheratu. Pamenepo ndinatseka maso, ndipo ndinaona bokosi likutuluka pa khonde la amayi. Ndinati basi, ndiwaperekeza. Ndinakoka, adutsa pa nkhokwe. Ndinakoka, afika pa mjigo pamene ankakangana ndi azimayi anzawo za mzere. Pa chigayo. Pa tchalitchi ndinawaimika pang'ono, chifukwa sakanalola kungodutsa. Kenako njira yotsetsereka ija ya m'minda, imene onyamula bokosi amasinthana pafupipafupi. Sindinathamange. Aliyense amene ndinkamudziwa ndinamuona pa mzerewo, kupatula ine.

Belu lalikulu si masewera. Nthawi iliyonse umafunika kulikweza mpaka pamwamba n'kulitsamiritsa mofatsa, ndipo pofika pa mtsinje mapewa anga anali moto. Misozi ndi mamina zinkangotsikira m'malaya, ndinalibe dzanja lopukutira. Ndinaganiza zolekera pomwepo, kuti amva kale, zakwana. Koma munthu sungamusiye mayi ako pa mtsinje. Ndinawaolotsa, ndinakwera nawo chitunda, mpaka m'mitengo ya kumanda. Ndinaliza akutsitsa bokosi, ndinaliza akukwirira. Nditaona kuti adzukulu aika makasu pansi, ndinaliimika komaliza. Kangati, sindikudziwa. M'chipindamo munali ine ndekha ndi zingwe zisanu ndi ziwiri zopanda anthu.

Nditatsika, ndinapeza a Doreen ali pakati pa manda aja, atanyowa chonyowa, dzanja la foni lili m'mwamba, linalo likulichirikiza pa chigongono.

"Yaduka posachedwapa," anatero.

"Amva?"

"Ndinaika kukhutu kamodzi. Ndinangomva munthu akupuma movutika."

Ndinati ndi achemwali akulira. A Doreen anandibwezera foni, anandifinya dzanja, n'kupita kukakwera basi yawo. Ine ndinabwerera m'kachipinda kanga, ndipo mawa lake ndinali pa shifiti.

Pasipoti inabwera patangotha masabata atatu. Ndinaiponya mu dirowa. Ndinakhalanso kumeneko zaka zina, chifukwa tsopano changu chinali cha chiyani? Pa foni achemwali ankakamba za fetereza ndi za sukulu ya ana, za belu osatchula. Inenso sindinafunse. Ndinkaopa. Chinthu chokhacho ndi chimene ndinali nacho, kuti ngakhale sindinaponye dothi, lonjezo ndinasunga. Ndikamasambitsa amayi a eni, ndinkadzigwira mtima ndi chimenecho. Tsiku lotsanzika, anzanga a pa nsanja anandigwira chanza mmodzimmodzi, ndipo a Doreen anangoti chingwe chachisanu chikhalanso chopanda munthu.

Kumudzi ndinapeza ana amene ndinawasiya akukwawa akundipitirira msinkhu. Ankanditcha ankolo a kunja, ndipo ndikalowa nkhani zinkatha. Achemwali anali atachita imvi. Anandilandira bwino kwambiri, bwino mopweteka. Anthu onse pa mphasa, ine pa mpando. Kapu yanga yosiyana, madzi osamba ofunditsa. Ndinali mlendo wolemekezeka m'nyumba imene ndinabadwira. Akuluakulu anandiperekeza kumanda, ndinaona mtumbira, ndinapemphera, koma m'mtima munali gwa. Sabata yonse funso lija linkandizungulira pakamwa.

Tsiku lina masana ndinawapeza achemwali okha pa khonde akusankha nyemba. Ndinakhala pa mpando wanga uja.

"Achemwali, belu lija. Anthu analimva?"

Sanadzutse mutu. "Belu."

"Lija ndinaliza tsiku la maliro."

"Ine ndinawasambitsa amayi miyezi isanu ndi itatu, achimwene. Kuwanyamula kupita nawo kuseri, ndekha. Amakuitanani dzina mpaka mawu kutha. Inu mwabwera kudzafunsa za belu."

Anapitiriza kusankha nyemba, akuponya timiyala pabwalo mwaukali. Ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, koma anayambanso, mawu atatsika.

"Anthu sanalimve. Tsiku limene lija kunachita mdima wa mvula kuyambira m'mawa. Adzukulu anati tikadikira thu koloko manda adzaza madzi, ndiye tinaika isanakwane thwelofu. Belu analiza ana omwe aja, kothamanga komwe kuja. Mmene inu mumaimba foni, tinali titabwerako kale, anthu akusamba m'manja. Ndimati ndikuuzeni, inu n'kundipatsa mzungu."

Ndinamva ngati munthu wandichotsa mpando. Zaka zonse zija! Ndinaperekeza bokosi limene linali kale pansi pa dothi, ndinawanyowetsa a Doreen, mayi wa eni, pa mvula, zonsezo pachabe.

"Ndimati ndidule," achemwali anatero. "Ndiye linalira. Kenako zii. Ndinadikira, ndinadikira, mpaka ndinati foni yafa. Ndiye linaliranso. Ndinati ayi, ili ndi dzanja la mwana wa amayi, palibenso wina amadikira chonchi. Ndinayang'ana anthu, aliyense ali pa mbale yake. Ndinati belu ili si lawo."

"Ndiye munatani?"

"Ndinathamanga. Wopanda nsapato, chitenje m'manja, mvula itayamba. Azimayi kukuwa kuti gwireni, wapenga ndi chisoni! Pa chigayo ndinagwa. Pa mtsinje madzi anali m'chiuno, ndinaoloka foni ili pamutu. Njira yonse ndimangoti usasiye, iwe, usasiye, ndatsala pang'ono."

"Munalowa kumanda nokha?"

"Nanga ndikanadikira chilolezo? Munthu wamkazi, ndekha, tsiku lomwelo la maliro. Akuluakulu anandilipitsa nkhuku, ndipo mpaka lero ena amandiyang'ana cham'mbali." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Ndinafika likulirabe. Ndinaika foni pa mtumbira, kumutu. Linalira katatu, foni n'kuduka."

Ndinayesa kuyankhula, mawu anatuluka ang'onoang'ono ngati a mwana.

"Katatu kokha?"

Achemwali anandiyang'ana m'maso koyamba chibwerere changa. Anasuntha pa mphasa kundipatsa malo, n'kundikankhira lichero la nyemba.

"Iwe, umafuna kangati? Amayi sanali ogontha."